Chikonga cholowera pakhungu: mbiri ya utenanti ku Kasungu

Amene anakulira pa esiteti ya fodya ku Kasungu amaidziwa nseru ya nthawi yothyola. Umalawirira mame asanakamuke, n'kumakumbatira masamba pachifuwa malaya ali chonyowa. Dzuwa likamafika paliwombo, mutu wayamba, chizungulire, kenaka kusanza. Ambiri ankangoti ndi malungo, chonsecho ndi chikonga cha m'masamba onyowa chimene chimalowera pakhungu.

Kuti mwana apezeke m'munda wotero, nkhani inayambira kutali. M'nthawi ya Kamuzu Banda, lamulo la Special Crops Act silinkalola mlimi wamba kulima fodya wa bale. Wake unali wa chikopa, wogulitsa ku ADMARC pamtengo wozizira. Bale anali wa maesiteti, ndipo m'zaka za m'ma 1970 malo ambiri a makolo kuno anasanduka maesiteti. Manja olimira anachokera kutali, ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe kumene minda inachepa kalekale.

Tenanti akafika, bwana ankamupatsa chimanga, feteleza ndi mankhwala opopera, zonse pangongole. Fodya wa tenantiyo ankagula ndi bwana yemweyo, pamtengo woika yekha. Pothana, ena ankatsala opanda ndi yokwerera basi yomwe. Apa ndiye pamandiwawa: pangano linali la bambo yekha, koma ntchito ya kunazale, kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa singatheke ndi munthu mmodzi. Mayi ndi ana ankalowamo osalembedwa, osalipidwa, opanda chovala m'manja.

Mu 1990 boma linayamba kulola alimi ang'onoang'ono kulima bale, koma utenanti sunathe. Mu 2009 bungwe la Plan linafalitsa kafukufuku amene anafikanso ku Kasungu kuno, wosonyeza kuti tsiku lachinyezi mwana angamwe pakhungu chikonga chofika mamiligalamu 54, ngati wasuta ndudu 50. Mwana woti ndudu sanailawepo!

Mu 2020 matenanti ndi ana awo ochuluka anasumira makampani a fodya a British American Tobacco ndi Imperial kukhoti la ku London, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti. Zaka zonse za utenanti, belo ikamafika ku okushoni inkalembedwa nambala ya mwini esiteti, ndipo ndalama zinkatsata nambalayo.