Kodi "What's up, Doc?" ya Bugs Bunny ija inachokera kuti

Amene munakula mukuonera makatuni mukumudziwa kalulu ameneyu, makutu ataliatali, kaloti m'manja, akangotsegula pakamwa ndi "Eh, what's up, Doc?" basi. Enafe tinkaganiza kuti mwina mu katuni yoyambirira munali dokotala winawake amene ankayankhula naye, koma ayi ndithu, dokotala munalibemo, amene ankafunsidwayo ndi mlenje wonyamula mfuti.

Mawuwa anamveka koyamba mu July 1940 mu katuni yotchedwa A Wild Hare ya kampani ya Warner Bros, ndipo amene ankatsogolera ntchitoyo anali Tex Avery. Mkuluyu kwawo kunali ku Texas, anabadwira ku Taylor, sekondale anaphunzira ku North Dallas High School, ndipo ananena yekha kuti kusukuluko anyamata ankangoitanizana choncho tsiku ndi tsiku, aliyense anali "doc" basi, zangokhala ngati mmene timanenera kuti "zikuyenda bwanji amwene". Ndiye kwa iyeyo sichinali chinthu choti munthu nkuseka nacho, anangoponyamo ngati mawu wamba.

Chimene chinaphetsa anthu ndi phwete ndi pamene mawuwo anagwera. Mlenje Elmer Fudd wabwera mwakachetechete ndi mfuti yake, watchera kaloti pa una, wawerama akusuzumira mkatimo, ndiye kalulu uja watulukira una wina kumbuyo, namuvula chipewa nkumugogoda pamutu, kenako uku akutafuna kaloti mosatekeseka nkumufunsa kuti zikuyenda bwanji. Anthu mu sinema ankadikira kuti kanyamako kakuwa kapena kaliyatsa liwiro poti mmakatuni a nthawi imeneyo zinkayenda choncho, koma iko kakucheza ndi munthu amene wabwera kudzakapha ngati akumana pa msika kkkk. Kuseka kwake kunali kosati masewera moti anthu aku situdiyo anangogwirizana kuti azibwereza mu katuni iliyonse. Ineyo ndimaona kuti mawuwo paokha alibe kanthu, chimene chimakoma ndi mwano wa kaluluyo, kumuonetsa mwini mfuti kuti sakumuwerengera nkomwe. Kwa ife amene tinakulira nthano za Kalulu wopusitsa Njovu ndi Fisi khalidwe limeneli silachilendo.

Za kaloti nazonso zili ndi kochokera. Mu 1934 kunatuluka filimu ya It Happened One Night mmene Clark Gable anali m'mbali mwa msewu akutafuna kaloti uku akuyankhula mkamwa muli tho, ndipo mu filimu yomweyo muli munthu wina amene ankamutchula Gable kuti "Doc". Anthu a mu 1940 ankaidziwa bwino filimuyi ndiye ataona kalulu akupanga zomwezo anadziwiratu kuti akuyerekeza ndani, pano ndi ochepa amene amadziwa zimenezi.

Avery yemweyo sanakhale naye nthawi Bugs. Anangopanga makatuni ake anayi okha, mu 1941 anayambana ndi bwana wake Leon Schlesinger pa nkhani ya mathero a katuni ina, The Heckling Hare, imene inadulidwa iye osafuna, nkuchoka, kenako anakalowa ku kampani ina ya mafilimu ya MGM. Amene anakhala nawo mawuwa moyo wake wonse ndi Mel Blanc, mwini liwu la Bugs. Akamajambula mawu ankaluma kaloti weniweni, kutafuna pang'ono nkulavulira mu ndowa kuti apitirize kuyankhula, poti kudikira kuti ameze kunkachedwetsa ntchito komanso zinthu zina zimene anayesa kutafuna sizinkalira ngati kaloti.

Mu January 1961 Blanc anachita ngozi yoopsa ya galimoto ku Sunset Boulevard ku Los Angeles, anakomoka pafupifupi masabata awiri. Mwana wake Noel amafotokoza kuti achibale ankamuitana dzina osayankha, mpaka dokotala wina anaganiza zomufunsa ngati akufunsa Bugs Bunny kuti wadzuka bwanji lero, ndiye bambo aja anayankha ndi liwu la Bugs lenileni nkumutchula dokotalayo "Doc". Apa ndiye mawuwo anagwera dokotala weniweni eti. Anachira ndithu nkupitiriza ntchito mpaka kumwalira kwake mu 1989.

Mawuwa anatuluka mu katuni nkumayenda okha. Mu 1950 Warner inatulutsa katuni ina ya Bugs dzina lake lomweli What's Up, Doc?, mu 1972 Peter Bogdanovich anapanga filimu ya anthu enieni ya Barbra Streisand ndi Ryan O'Neal nkuipatsanso dzina lomwelo, ndipo achinyamata a zaka za m'ma 90 ambiri anamuonera Bugs mu Space Jam ya 1996 akusewera basketball ndi Michael Jordan. Mu 1997 nkhope yake inaikidwa pa sitampa ya positi ku America.

Amene zinawavuta ndi kaloti wa Bugs uja ndi akalulu enieniwo. Anthu ambiri ku Ulaya ndi ku America amene amaweta akalulu mnyumba anayamba kukhulupirira kuti chakudya chawo ndi kaloti, pomwe kalulu wa kutchire amadya udzu ndi masamba, sakhalira kukumba mizu. Bungwe loona za ziweto la RSPCA ku Britain limachenjeza kuti kaloti ali ndi shuga wambiri, azipatsidwa kachidutswa mwa apo ndi apo basi, chakudya chenicheni chikhale udzu.