Kuteteza abakha a pakhomo ku zilombo za m'tchire

Alimi ambiri amakonda abakha chifukwa chakuti salira zambiri. Chitopa chikasesa nkhuku m'mudzi, abakha kawirikawiri amatsala ali moyo, ndipo amadzipezera okha chakudya m'madambo ndi m'ngalande. Kupirira kwawoko ndi kumene kumachititsa kuti tiziwalekerera, mpaka mlimi amene bakha wake anaswa ana 12 amadzapezeka kuti watsala ndi awiri, osadziwa kumene ena aja alowera. Pa ntchito yathu ya ulangizi wa ziweto, chimene timaona n'chakuti abakha ambiri satha ndi matenda ayi, amatha ndi zilombo, makamaka usiku ndiponso pamene akadali aang'ono.

Tiyambe ndi khalidwe la bakha mwiniwake, pakuti gwero la vutoli lili pamenepo. Nkhuku imabwerera yokha kukhola dzuwa likamalowa, koma bakha amene sanazolowezedwe amagona paliponse pamene mdima wamupeza, kaya ndi pansi pa nkhokwe kapena m'mphepete mwa chithaphwi. Abakha amene ali ochuluka kuno kwathu ndi a mtundu wa Muscovy, aja a zotupa zofiira kumaso, omwe kwawo kwenikweni ndi ku Central ndi South America. Wamkazi amakonda kubisa chisa chake m'tchire kapena m'mulu wa udzu, ndipo amakhalira mazira masiku 35, pamene nkhuku imakhalira masiku 21 okha. Masabata asanu athunthu mbalame yolemera, yosathamanga kwenikweni, ili phee pansi usiku ndi usana, fungo lake likumveka kwa nyama iliyonse yodutsa.

Musanagule waya kapena kutchera msampha, yambani mwadziwa mdani wanu, chifukwa aliyense amasiya chizindikiro chake. Kabawi ndi mphamba amalanda ana a abakha masana pamtetete, ndipo khwangwala amaboola mazira n'kusiya zikamba pafupi ndi chisa. Mazira akamasowa amodziamodzi popanda chikamba chotsala, makamaka kumadera a m'mbali mwa madzi monga ku Nyanja ya Chilwa, ku Nkhotakota ndi kuchigwa cha Shire, ganizirani ng'azi kapena njoka. Likongwe, vumbwe ndi anzawo amaluma pakhosi kapena pamutu, ndipo akalowa m'khola amatha kupha angapo ngakhale adye mmodzi yekha. Nkhandwe imanyamula bakha wathunthu n'kusiya nthenga m'njira imene yadzera. Ana a abakha akamasowa usiku khola lili chitsekere, nthawi zambiri akhala makoswe. Tisaiwalenso galu wa pamudzi pomwepo, amene amapha ambiri nthawi imodzi n'kuwasiya ali mbwee, ndipo mlandu wake kawirikawiri umagwera nyama zakutchire zosalakwa.

Chitetezo chachikulu ndi khola lotsekeka bwino limene abakha amagonamo usiku uliwonse, ndipo apa ndi pofunika kufatsa. Zilombo zing'onozing'ono zimalowa pampata umene munthu sangauganizire, choncho bowo lililonse limene mungapisemo zala ziwiri ndi khomo lokwanira khoswe kapena njoka. Yang'anani makamaka malo atatu amene anthu amawanyalanyaza: pansi pa chitseko, pamene khoma lakumana ndi denga, ndi m'munsi mwa khoma. Khola la njerwa lokhala ndi maziko ndiye labwino koposa. Ngati ndi lamitengo kapena lansungwi, kwirirani waya kapena miyala ikuluikulu mozungulira, mpaka masentimita 30 kupita pansi, chifukwa galu, nkhandwe ndi chiuli amakumba pafupi penipeni ndi khoma. Waya wa nkhuku uja wamaso akuluakulu ntchito yake ndi kuletsa mbalame kutuluka, koma ndi wopyapyala moti galu wanjala amaung'amba, komanso njoka ndi makoswe amadutsa m'maso mwake. M'mazenera muike waya wolimba wamaso aang'ono, a sentimita imodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Chitseko chikhale ndi loko kapena chokowera chenicheni, pakuti mwala wongotsamiritsa umagubuduzika.

Pofuna kutseka mipata, ena amamata khola lonse osasiya polowera mpweya, ndipo uku n'kulakwitsa kwina. Zitosi za abakha ndi zamadzimadzi, choncho khola lopanda mpweya limakhala lachinyezi ndi lafungo, mpaka abakhawo amayamba kulikana. Siyani mazenera m'mwamba, yalani utuchi, mankhusu a mpunga kapena udzu wouma, ndipo musapitirire abakha akuluakulu atatu kapena anayi pa sikweya mita imodzi. Khola lam'mwamba limathandiza pa zilombo zokumba, koma makwerero a nkhuku sayenerera abakha. Iwo amafuna thabwa lotakasuka, lopendekeka pang'ono, lokhomedwa timitengo topingasa.

Khola labwino silithandiza ngati abakha sagonamo. Njira yowazoloweza ndi yapafupi: madeya onyowetsa aziperekedwa madzulo, nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, m'kholamo kapena pakhomo pake penipeni, kenako muwawerenge ndi kutseka kusanade. Pakapita masiku ochepa adzayamba kudikira okha. M'mawa musafulumire kuwatsegulira, chifukwa abakha amaikira mazira m'bandakucha kapena dzuwa litangotuluka, ndipo mukawasunga mpaka cha m'ma 9 koloko, mazira ambiri adzakhala m'khola m'malo mwa kutchire. Zotsala za chakudya muzichotse usiku, pakuti madeya amaitana makoswe, ndipo makoswe amaitana njoka.

Bakha amene wabisa kale chisa kutchire ndi wovuta kusamutsa, chifukwa nthawi zina amanyanyala mazira. Ngati muyenera kutero, samutsani usiku, iye pamodzi ndi mazira ndi udzu wa chisacho, mumutsekere pamalo a mdima pang'ono pomwe pali madzi ndi chakudya. Chabwino koposa n'kumukonzera chisa m'khola asanayambe kuikira.

Ana akaswa, musawalole kutsatira make kudambo. Bakha wamkazi amayenda mtunda wautali osacheuka, ndipo kumadziko kukudikira ng'azi, ng'ona kumene ziliko, ngakhalenso milamba ikuluikulu. Asungeni m'kampanda kotchinga pamwamba ndi ukonde, nsungwi kapena nthambi kwa mwezi umodzi kapena iwiri, mpaka atakula moti kabawi sangawanyamule. Dengu lalikulu lovundikira limagwiranso ntchito, malingana ngati muliika pamthunzi ndi kulisuntha tsiku ndi tsiku. Madzi muwapatse m'chiwiya chosazama chimene angathe kutulukamo okha. M'dzinja lambulani udzu wautali wozungulira khola, koma siyani zitsamba zingapo pabwalo zoti anawo athawiremo mthunzi wa mphamba ukadutsa.

Pa za poizoni, ine ndimaletsa ndithu. Kuthira tameki kapena mankhwala a m'munda m'dzira kapena m'nyama kumapha agalu, amphaka, nkhuku ndi akadzidzi amene amatithandiza kuchepetsa makoswe, ndipo kumaika pangozi ana ang'onoang'ono a pakhomo. Komanso likongwe mukamupha lero, bowo limene analowera likadalipo, ndipo mnzake adzalipeza. Nyama zambiri zakutchire n'zotetezedwa ndi lamulo la malo osungira nyama, limene linakhwimitsidwa mu 2017, choncho ikakhala nsato, fisi kapena ng'ona imene yazolowera pamudzi, dziwitsani mfumu ndi akuluakulu oona za nyama zakutchire m'boma lanu. Nkhandwe kapena galu amene akufika pakhola masana mopanda mantha, akutuluka dovu, musamuyandikire chifukwa akhoza kukhala wachiwewe. Munthu akalumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.