Mawu mukuwadziwa, nanga chinthu chenichenicho?

Pa zaka zomwe ndakhala ndikuphunzitsa Chingerezi kwa anthu akuluakulu, ndaona kuti wophunzira akakakamira powerenga, kawirikawiri vuto silikhala galamala. Mawu onse a m'chiganizo amawadziwa bwinobwino, koma chinthu chomwe chikukambidwacho ndiye chachilendo. Zimenezi zimachitika kwambiri pa nkhani za umoyo, za mafoni ndi makompyuta, ndiponso za masewera.

Tsiku lina mayi wina wachikulire wa m'kalasi mwanga, munthu wakhama zedi, anaima pakati pa ndime yomwe inkanena za mwana amene thupi lake linatentha kufika 101. Anatsitsa pepala n'kundifunsa kuti: "Aphunzitsi, munthu angafike pamenepo osapsa?" Linali funso lanzeru. Mayiwo ankadziwa kuti madzi amawira pa madigiri 100, ndipo pa muyeso wa Celsius n'zoonadi. Koma ndimeyo inalembedwa ku United States, komwe amayeza ndi Fahrenheit. Pa muyeso umenewo madzi amawira pa 212, ndipo thupi la munthu amene ali bwino limakhala pafupifupi 98.6, womwe ndi madigiri 37 a Celsius. Tinawerengetsa limodzi pa bolodi: chotsani 32, chulukitsani ndi 5, kenako gawani ndi 9. Yankho linatuluka 38.3. Mwanayo analidi wotentha thupi, koma osati kuwira.

N'chimodzimodzi namwino akanena kuti BP yanu ndi "120 over 80". Awa si masamu ogawa. Nambala yoyamba ndi mphamvu ya magazi m'mitsempha pamene mtima ukufinya, yachiwiri ndi pamene mtima ukupuma pakati pa kugunda ndi kugunda. Ikamapezeka mobwerezabwereza pa 140 ndi 90 kapena kupitirira, bungwe la World Health Organization limati amenewo ndi matenda a kuthamanga kwa magazi.

Pali mawu awiri amene ndimachedwapo dala, chifukwa kuwasokoneza kumavulaza anthu: virus ndi bacteria. M'Chichewa zonsezi timangoti tizilombo toyambitsa matenda, ndiye wophunzira amaganiza kuti ndi mayina awiri a chinthu chimodzi. Sizili choncho. Bakiteriya ndi kamoyo ka selo imodzi kamene kamatha kuswana pakokha, monga kamene kamayambitsa chifuwa chachikulu. Vairasi ndi kakang'ono kwambiri kuposa pamenepo, ndipo sikangachulukane popanda kulowa m'maselo a chamoyo china. Chimfine chimabwera ndi vairasi. Mankhwala otchedwa antibiotics, monga penicillin amene Alexander Fleming anatulukira ku London mu 1928, amalimbana ndi mabakiteriya okha. Kuwamwa chifukwa cha chimfine sikuchiritsa, m'malo mwake kumapatsa mabakiteriya mpata wozolowera mankhwalawo mpaka kusiya kuwamva. Munthu akawerenga pakapepala ka mankhwala kuti "not effective against viral infections", ndimafuna amvetse ndi mtima wonse zomwe akuuzidwa.

Akatswiri a makompyuta anabwereka mawu omwewa. Vairasi ya pa kompyuta ndi pulogalamu yoipa imene imadziphatika ku mapulogalamu ena n'kumadzichulukitsa, ndiye dzinalo linaikhala. Mawu a zipangizo zamakono ambiri ndi obwereka chomwechi. Zithunzi zanu zikapita ku cloud sizinakwere kumitambo, zasungidwa m'makompyuta akuluakulu a kampani ina, m'nyumba zodzaza makina. Bluetooth, njira yolumikizira zipangizo popanda waya, inatenga dzina lake kwa Harald Bluetooth, mfumu ya ku Denmark ya m'zaka za m'ma 900. Koma chosokoneza kwenikweni ndi kachilembo kamodzi kokha: poyeza kuchuluka kwa data, Mb ndi megabit, MB ndi megabyte, ndipo byte imodzi ili ndi ma bit 8. Intaneti yothamanga 8 Mbps, kutanthauza ma megabit 8 pa sekondi, imakoka pafupifupi MB imodzi pa sekondi, osati 8.

Kumasewera ndiye kumene ophunzira anga amasangalala. Mawu oti football kwa munthu wa ku Britain ndi mpira wamiyendo, koma kwa wa ku United States ndi masewera ena a mpira wosongoka mbali zonse ziwiri, umene nthawi zambiri amathamanga nawo m'manja. Wamiyendowu iwo amati soccer, mawu odulidwa kuchokera ku association, potengera bungwe la Football Association lomwe linakhazikitsidwa ku London mu 1863. Hat-trick, imene lero timaimva wosewera akagoletsa zigoli zitatu, inayambira ku cricket, woponya mpira akatulutsa anthu atatu motsatizana. Mpikisano wa marathon ndi makilomita 42.195, mtunda womwe anathamanga pa masewera a Olympics a ku London mu 1908, koma nyuzipepala zina zimalemba mamailosi 26.2, ndipo ndi mtunda womwewo.

Ndimakonda kuwayesa ndi nambala ya ziro. Ndimalemba 0 wamkulu pa bolodi n'kufunsa kuti amatchedwa chiyani. Onse amayankha limodzi kuti zero, n'kumadabwa kuti funso lophweka chonchi labwera bwanji. Kenako timamvetsera wolengeza zotsatira za mpira akuti "two nil". Timapita ku tennis, komwe mapointi amayenda 15, 30, 40, ndipo amene alibe kanthu amati ali ndi love, mawu omwe pamenepa sakukhudzana ndi chikondi. Ku cricket womenya mpira akatuluka asanapeze kalikonse amati wapeza duck, ngakhale palibe bakha pabwalopo. Pomaliza ndimawatchulira nambala ya foni kuti alembe, ndipo ziro yemweyo amamveka "oh". Ambiri ulendo woyamba amalemba chilembo cha O, kenako amafufuta n'kuika 0.