Kolera sadikira kuti kuche

Mvula yayamba, ndipo ife a zaumoyo tikudziwa chimene imabwera nacho m'makomboni a muno mu Chipata monga Mchini, Nabvutika ndi Kapata: kolera. Zimbudzi zokumba zikadzaza zimasefukira, zonyansa n'kulowa m'zitsime zosazama zomwe anthu amatungako poti madzi a pampopi ndi a ndalama, kwinanso safika n'komwe. Chilala nacho n'chimodzimodzi: cha mu 2024 chija chinaumitsa zitsime, anthu n'kumamwa madzi alionse amene awapeza. Malire a Mwami, a pakati pa Zambia ndi Malawi, nawo ali pakhomo, amalonda akuwoloka tsiku ndi tsiku. Mu Januwale 2023 kolera anapezeka m'boma la Vubwi pamene Malawi anali pa mliri waukulu. Za ngalande ndi milu ya zinyalala m'misika, khonsolo tikuikumbutsa ndipo sitisiya.

Koma chimene chikutisowetsa tulo ndi mawu aja akuti "tione mawa".

Mliri umene unayamba ku Lusaka mu Okutobala 2023 unapha anthu oposa 700, mpaka bwalo la mpira la Heroes linasanduka chipatala. Ambiri anamwalira kunyumba kapena ali panjira, atachedwa kunyamuka. Munthu wa kolera amatsegula m'mimba zamadzimadzi zonga madzi otsukira mpunga, amasanza, miyendo imakokana, maso n'kulowa m'kati. Madzi amatha m'thupi pa maola ochepa chabe. Wodwala madzulo angathe kutisiya tambala asanalire.

Ndiye amayi, abambo, musayambe mwathamangira kukantemba kukagula mapilitsi. Musayambe mwafufuza amene wamulodza. Sungunulani paketi ya ORS, ufa wobwezeretsa madzi m'thupi, mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini. Ngati mulibe, thirani masipuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la sipuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madziwo. Wodwalayo azimwa pang'onopang'ono, ngakhale akusanza, uku mukupita naye kuchipatala. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Kaya ndi pakati pa usiku, dzutsani wa njinga.

Timamva ena akuti kumsasa wa kolera munthu sabwerako wamoyo. Amene sabwerako ndi amene amafika atatheratu, mitsempha itabisala moti ndi diripi yomwe imavuta kuika. Ofika msanga pafupifupi onse amachira, ena ndi ORS yokha.

Sambani m'manja ndi sopo, idyani chakudya chikadali chotentha, vundikirani chimbudzi. Koma wina akayamba kutsegula m'mimba zamadzi usiku uno, nyamukani naye usiku womwewo.