Makhana si njere za lotus

Pamapaketi ambiri amalemba kuti makhana, chakudya chotafuna cha ku India, ndi njere za lotus (duwa lina la m'madzi), koma ayi. Amachokera ku Euryale ferox, chomera chaminga cha m'maiwe, cha banja limodzi ndi nyika ya ku Nsanje, ndipo ambiri amalimidwa ku Bihar, m'dziko la India. Njerezo amazikazinga n'kuzimenya ndi nyundo yamtengo zikadali zotentha, zimatumphuka ngati mbuliwuli.

Mafuta ake ndi ochepa kwambiri, komabe sitachi ndi wambiri: magalamu 100 ali ndi makalori pafupifupi 350, ndiye osangodya mosayeza. Makhana ogulitsidwa atathiridwa kale zokometsera amachuluka mchere.

Pokonza kunyumba, kazingani makapu awiri a makhana otumphuka kale ndi kasupuni kamodzi ka mafuta, pamoto wochepa, mphindi 8 mpaka 10, mukutakasa. Moto ukachuluka amapserera kunja mkati muli molobodoka. Apsa akamaphwanyika mukawafinya ndi zala.