Riddle: ndagi kapena sefa?

Mukawerenga m'nyuzipepala ya Chingerezi kuti galimoto lapezeka "riddled with bullets", kapena kuti bungwe lina lili "riddled with corruption", musavutike kufunafuna ndagi m'menemo. Mulibe. Ambirife kusukulu anatiuza kuti "riddle" ndi ndagi kapena chilape, ife n'kutsekera pomwepo. Koma pa zilembo zisanu ndi chimodzizi pakhala mawu awiri, ndipo palibe chibale pakati pawo. Angofanana nkhope.

Liwu la ndagilo, m'Chingerezi cha zaka zoposa 1,000 zapitazo, linali "rædels". Linaphuka pa mneni "rædan", amene ankatanthauza kulangiza, kulota yankho, kapena kumasulira chinthu chobisika. Mneni yemweyu ndi amene lero akuti "read". Ndiye kuti kwa makolo a Angerezi, munthu woyang'ana zilembo n'kutulutsamo nkhani ankachita ntchito yofanana ndi ya womasulira ndagi. Abale a liwuli adakalipo: Ajeremani amati "Rätsel", Adatchi "raadsel", ndipo amene muli ku South Africa mwina munamvapo "raaisel" m'Chiafrikaans.

Nanga "s" wa kumapeto anapita kuti? Anthu anamumva ngati "s" wosonyeza zambiri, n'kumudula kuti patsale chimodzi. Zomwezi zinachitikira nsawawa, imene kale ankati "pease" koma lero ndi "pea". Tisawaseke, ifenso timatero. "Makina" tinatenga ku Chipwitikizi "máquina", chinthu chimodzi, koma khutu lathu linamva "ma-" wa zambiri, ndiye timati "makina awa" ngakhale tikuloza amodzi okha a telala.

Angerezi akalewo ndagi ankazikonda kwabasi. Ku tchalitchi chachikulu cha mumzinda wa Exeter kuli buku lolembedwa pamanja m'zaka za m'ma 900, limene anapereka Bishopu Leofric, yemwe anamwalira mu 1072. Muli ndagi zoposa 90. Sizili ngati zathu zachidule zija, "nyumba ya amayi yopanda khomo", wina n'kuti dzira. Izo ndi ndakatulo, ndipo m'zambiri chinthucho chimadzifotokoza chokha kenako n'kukufunsani dzina lake. Ina imadabwa ndi kachilombo kamene kadya mawu a m'buku koma osachenjera nawo. Zina zimayenda m'mphepete mwa zolaula mpaka womvera kuchita manyazi, pamene yankho lake ndi anyezi kapena kiyi. Chopweteka n'choti wolembayo sanasiye mndandanda wa mayankho. Kwathu kuno ukagonja, woponya ndagi amakuululira. Kumeneko akatswiri akukanganabe pa zina mpaka lero.

Liwu lachiwiri ndi la kumunda ndi kukhitchini. Kale linali "hriddel", sefa ya mabowo akuluakulu. Taganizani ya amisiri omanga nyumba, ya waya wokhomera pa matabwa, imene amaponyapo mchenga ndi fosholo, wosalala n'kudutsa, timiyala n'kugubudukira pansi. Ku Britain sefa yotere amasefera dothi la m'dimba, kupatula mbatatesi zazikulu ndi zazing'ono, ndiponso kulekanitsa phulusa ndi makala amene sanathe kupsa. Wosamala mbaula ya malasha akamagwedeza chitsulo chapansi kuti phulusa ligwe, amati akuchita "riddling".

"H" wa kumayambiriro anafa pamodzi ndi anzake ambiri: "hring" anasanduka "ring", "hlaf" anasanduka "loaf". Choncho liwu lina linaduka mchira, linzake linaduka mutu, n'kukumana pakati zitafanana. Palibe anakonza zimenezi.

Mtundu wa liwu la sefali ndi wautali. Ndi pachibale ndi "cribrum", sefa m'Chilatini, komanso "krinein" wa Chigiriki, kulekanitsa kapena kuweruza, kumene kunachokera "critic" ndi "crisis". Wodzudzula mabuku ndi wosefa mchenga agogo awo ndi amodzi, kaya mwiniwake akondwa nazo kapena ayi.

Zipolopolo zija zikulowera apa. Chinthu chimene chabooledwa paliponse chasanduka sefa, ndipo pofika zaka za m'ma 1800 Angerezi ankatero kale ponena za zombo ndi matupi olasidwa pankhondo. Kenaka tanthauzo linakula. Thabwa lofumbwa, thupi lomwe matenda afalikira, lipoti lodzaza ndi zolakwika, ofesi yowola ndi katangale, zonsezi ndi "riddled".

Opanga vinyo wa Champagne nawonso ali ndi "riddling" yawo, imene Afalansa amati "remuage". Mabotolo amawazika chozondoka m'mabowo a thabwa lopendekeka, n'kumawapotoza pang'onopang'ono kwa masabata angapo mpaka nsenga zonse zitsikire kukhosi kwa botolo, kumene amazichotsa. Njirayi inatchuka ndi kampani ya Veuve Clicquot ya ku Reims kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Apanso nkhani ndi kugwedeza ndi kulekanitsa.

Alipo amene amafuna kuwakwatitsa mawu awiriwa, amvekere womasulira ndagi amasefa mayankho mpaka patsale loona. Zikumveka zokoma, koma zolemba zakale zikukana. Kufanana kwa kamvekedwe si umboni wa chibale, ndipo nthano zambiri za "kumene liwu lakuti linachokera" zimene zimazungulira pa WhatsApp zimagwera pomwepa.

Powerenga kapena pomasulira, yang'anani chimene chatsatira. Mukaona "riddled with", dziwani kuti ndi sefa, ndipo m'Chichewa munganene kuti chabookabooka, chadzaza, kapena chawola nazo. Samalaninso polemba nokha: mawuwa amayenda ndi zoipa zokhazokha. Mukalemba kuti mudzi uli "riddled with blessings", Mngerezi aganiza kuti mukunyoza madalitsowo.