Kusankha matayala osabooka msanga a njinga ya mpikisano

Pa ntchito yanga yokonza njinga za mpikisano, funso limene ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti, kodi ndi tayala liti limene silibooka? Ndimayankha kuti pa matayala onse opopedwa mpweya palibe lotero, ndipo wogulitsa amene akukutsimikizirani kuti ali nalo akungofuna ndalama zanu. Matayala amangosiyana pa kupirira magalasi osweka, timawaya ndi minga, ndipo kupirirako kukachuluka, liwiro limachepa. N'chifukwa chake tayala lophunzitsira thupi tsiku ndi tsiku ndi tayala la tsiku la mpikisano siziyenera kusankhidwa mofanana.

Tayala limayamba ndi nsalu ya ulusi imene imagwira mpweya, pamwamba pake pamakhala mphira wokhudza msewu, ndipo pakati pa ziwirizi opanga amaikapo kalamba kotchinga zinthu zakuthwa. Pa paketi mudzaona nambala yolembedwa TPI, imene imanena kuchuluka kwa ulusi pa inchi imodzi ya nsaluyo. Nsalu ya 60 TPI imakhala ya ulusi wokhuthala, choncho ndi yolimba komanso yosachekeka msanga, pamene ya 320 TPI, monga ya thonje imene ili m'matayala a Vittoria Corsa, ndi ya ulusi wopyapyala kwambiri umene umapindika mosavuta potsatira tokhakhala ta pamsewu. Kupindika mosavuta kumeneku ndiko kumachititsa tayala kuthamanga, chifukwa mphamvu ya miyendo siitayika pokhotetsa nsalu youma, koma nsalu yofewayo ndi imenenso mwala wakuthwa umaing'amba m'mbali mosavutikira.

Matayala awiri a kampani ya Continental amaonetsa bwino kusiyanaku. Gatorskin ili ndi kalamba ka poliyesitala kotchedwa PolyX komanso nsalu ina yoteteza m'mbali yotchedwa DuraSkin, ndipo imatha kuyenda makilomita ambirimbiri osaphwa. Grand Prix 5000, imene inatuluka mu 2018, ili ndi kalamba kopyapyala ka ulusi wa Vectran ndi mphira wofewa umene umagwira bwino msewu pokhota. Akaziyesa pa makina, Gatorskin imadya mphamvu pafupifupi kuwirikiza kawiri kuyerekeza ndi Grand Prix 5000. Pophunzitsa thupi zimenezi sizivuta konse, pakuti kulemera kwa mayendedwe kumangolimbitsa miyendo, koma pa mpikisano wa makilomita 100 ndiye kuti anzanu akupalasa mopepuka inu mukutuluka thukuta lopanda malipiro. Gatorskin ilinso ndi vuto lina limene ambiri salitchula, lakuti mphira wake wouma umaterera msanga pa msewu wonyowa. Amene akufuna zapakatikati angaganizire Continental Grand Prix 4-Season kapena Pirelli Cinturato Velo, ndipo amene atopa kwambiri ndi kumata machubu m'mbali mwa msewu angatenge Schwalbe Durano Plus, ngakhale kuti ndi yolemera.

Komabe musanathamangire kugula, yambani mwaona chubu chimene chaphwa, chifukwa chibowo chimaulula chimene chinachitika. Kabowo kamodzi kumbali yoyang'ana msewu kamasonyeza kuti chinthu chakuthwa chinalowa, ndipo apa mpamene tayala la kalamba kolimba lingathandize. Timabowo tiwiri toyandikana, tooneka ngati polumidwa ndi njoka, timasonyeza kuti tayala linali ndi mpweya wochepa pamene linagunda m'mphepete mwa dzenje, chubu n'kupanikizika pakati pa msewu ndi limu. Bowo la kumbali yoyang'ana masipoko limasonyeza kuti tepi yophimba mabowo a limu yasuntha kapena yatha. Pa mitundu iwiri yomalizayi, ngakhale mutagula tayala lodula chotani mudzangotaya ndalama, ndipo ine ndaona anthu ambiri akunyoza tayala labwinobwino pamene vuto linali pampu yopanda geji yoyezera mpweya.

Kukula kwa tayala kumathandiza kwambiri pa vuto la maenje. Kale akatswiri ankathamanga ndi matayala a mamilimita 23 m'lifupi, opopedwa mpaka kulimba ngati mwala, koma masiku ano ambiri ali pa 28 kapena 30, ndipo pa mpikisano wa Paris-Roubaix ku France, umene umadutsa m'misewu yoyalidwa miyala, a mamilimita 32 ndi ofala. Tayala lalikulu limasunga mpweya wambiri, choncho lingapopedwe mofewerapo popanda limu kugunda pansi. Kwa munthu wolemera makilogalamu 70, poyambira pabwino pa tayala la mamilimita 28 ndi pafupifupi 65 mpaka 70 psi (muyeso wa kulimba kwa mpweya m'tayala), ndipo wolemera kuposa apo awonjezereko pang'ono. Pa misewu yathu ya tala, imene m'mbali mwake mumakhala mogumuka ndi modzaza mchenga ndi zidutswa za mabotolo, ine sindilangiza aliyense kutsika pansi pa mamilimita 28 ngati felemu ya njinga yake ikulola. Onaninso manambala olembedwa m'mbali mwa tayala, monga 28-622, chifukwa 622 ndiwo muyeso wa limu ya njinga zambiri za mpikisano.

Palinso matayala opanda chubu, otchedwa tubeless, amene mkati mwake mumathiridwa madzi a mphira otseka timabowo tating'ono munthu akupalasabe. Sonny Colbrelli anapambana Paris-Roubaix ya 2021 ali pa matayala otere, ndipo kuyambira nthawi imeneyo afala kwambiri pakati pa akatswiri. Pa minga ndi timawaya amagwira ntchito bwino zedi, ndipo vuto la chubu kupanikizika limatheratu. Koma madziwo amauma pakapita miyezi yochepa, makamaka m'nyengo yotentha, ndipo tayala likachekeka kwambiri satha kutseka, motero chubu chapadera chiyenera kukhalabe m'thumba. Ngati limu yanu ndi ya mtundu wa hookless, yopanda kamlomo kokolera tayala m'mphepete mwake, musapope kupitirira 72.5 psi, chifukwa tayala lingathe kuvuka. Ngakhale timu yokhala ndi zipangizo zonse siithawa vutoli: pa Paris-Roubaix ya 2023 tayala lakumbuyo la Wout van Aert linaphwa pa chigawo cha msewu wa miyala chotchedwa Carrefour de l'Arbre iye ali patsogolo, Mathieu van der Poel n'kupita yekha kukapambana.

Amene ali ndi ndalama zokwanira akhale ndi mapeya awiri a matayala, olimba ophunzitsira ndi ofewa a mpikisano, ndipo ofewawo awaike pa njinga masiku awiri kapena atatu mpikisano usanafike kuti awazolowere pokhota. Amene angakwanitse peya imodzi yokha aike tayala lolimba kumbuyo, pakuti ndilo limanyamula kulemera kochuluka ndi kubooka kawirikawiri, ndipo lofewa likhale kutsogolo kumene kugwira msewu kumafunika kwambiri. Matayala a Continental ali ndi timaenje tiwiri pa mphira, ndipo tikafafanizika ndiye kuti tayala latha, ngakhale likuoneka labwino. Mukabwerako kopalasa, makamaka kukagwa mvula, zungulitsani wilo pang'onopang'ono ndi kuchotsa ndi singano tizidutswa ta galasi timene takanirira mu mphira, chifukwa kambiri kagalasi kamene kamaboola chubu lero kamakhala kanalowa dzana, n'kumamira pang'onopang'ono pa ulendo uliwonse.